Kuwerengera mayeso a UPSC: yambani ndi mapu, hisitole ndi malamulo zibwere pambuyo

Mayeso amene ndikukamba apa ndi a UPSC, bungwe lomwe limasankha mabwana a ntchito za boma ku India, likulu lake lili ku New Delhi. Ine ndinakhalako ku India pa sukulu, nde anzanga ena a mu hositelo ankakonzekera mayeso amenewa usiku ndi usana, ndipo zomwe ndilembe pano ndi zomwe ndinaona zikuwathandiza, komanso zinandithandiza ineyo pa kosi ya malamulo a dziko la India imene tonse tinkayenera kuchita, mlendo ndi mwini dziko yemwe. Kaya muli ku India pa sukulu, kaya muli ndi wachibale amene akulimbana ndi mayesowa, kaya mukungofuna kulidziwa bwino dzikolo, njira yake ndi imodzi.

Ndineneretu za amene amaloledwa kulemba. Pa maudindo atatu akuluakulu, IAS (oyendetsa boma), IPS (akuluakulu a polisi) ndi Indian Foreign Service (akazembe), uyenera kukhala nzika ya India basi, palibe kuchitira mwina. Koma pa maudindo enawo malamulo awo amalolanso munthu amene makolo ake ndi aku India, yemwe wasamuka m'maiko ena n'cholinga chokakhazikika ku India, ndipo pa mndandanda wa maikowo Malawi ndi Zambia alipo, pamodzi ndi Kenya, Uganda ndi Tanzania. Nde kwa abale athu achimwenye obadwira ku Limbe kapena ku Chipata nkhaniyi si yakutali ayi. Zaka ndi kuyambira 21 kulekeza 32 kwa anthu wamba, ndipo amakupatsa mwayi wolemba ka 6, magulu ena omwe boma limawaganizira mwapadera amawawonjezera zaka ndi mwayi.

Mayeso ake ali pa masiteji atatu. Yoyamba ndi Prelims, mapepala awiri osankha yankho, lililonse maola awiri ndi malikisi 200. Pepala loyamba lili ndi mafunso 100 ndipo ndi lomwe limakudutsitsa kapena kukugwetsa, lachiwiri amati CSAT, la masamu ndi kumvetsa nkhani, pamenepo umangofunika 33 peresenti koma musalipeputse, anthu anzeru ndithu amagwera pomwepo chifukwa sanalipatse nthawi. Kenako Mains, mapepala 9 olemba ndi dzanja, awiri a chilankhulo ongofuna kukhoza, 7 otsalawo ndi amene amawerengedwa, malikisi 250 lililonse, kuphatikiza 1750. Pomaliza intavyu ya malikisi 275, zonse pamodzi 2025. Amalembetsa amakhala pafupifupi miliyoni imodzi pomwe malo ake amakhala cha m'ma 1,000.

Tsopano chimene chimawapweteka ambiri ndi ichi: amatenga hisitole, jogirafe ndi malamulo ngati masabujekiti atatu osadziwana, Lolemba kuloweza zaka, Lachiwiri kuloweza mitsinje, Lachitatu kuloweza manambala a ndime za malamulo, pakatha mwezi zonse zasakanikirana m'mutu. Pomwe zinthuzi ndi nkhani imodzi, ndipo chomangira chake ndi mapu.

Nde tsiku loyamba musatsegule buku la hisitole. Pezani mapu a India opanda mayina, pangani mafotokope ambiri, ngakhale 50, ndipo tsiku lililonse muzijambulapo chinthu chimodzi ndi dzanja lanu. Yambani ndi mapiri: Himalaya kumpoto, Aravalli kumpoto chakumadzulo, Vindhya ndi Satpura pakati, Western Ghats kutsata gombe la kumadzulo, Eastern Ghats yodukaduka kum'mawa. Mukatero mitsinje imabwera yokha. Ganga imayambira pomwe Bhagirathi ndi Alaknanda zimakumana pa Devprayag, kenako Yamuna imadzalowamo pa Prayagraj. Brahmaputra imachokera ku Tibet komwe amaitcha Tsangpo. Punjab dzina lake likutanthauza madzi asanu, Jhelum, Chenab, Ravi, Beas ndi Sutlej, yonseyi imathera mu Indus. Kum'mwera nthaka inapendekera kum'mawa, n'chifukwa chake Mahanadi, Godavari, Krishna ndi Kaveri zimakathira mu Bay of Bengal, koma Narmada ndi Tapi zimapita kumadzulo chifukwa zimayenda m'zigwa zomwe zinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira. Amene munaphunzira za chigwa cha Shire ndi nyanja yathu ku sekondale izi simuvutika nazo, maganizo ake ndi omwewo.

Onjezerani mzere wa Tropic of Cancer, umadutsa zigawo 8: Gujarat, Rajasthan, Madhya Pradesh, Chhattisgarh, Jharkhand, West Bengal, Tripura ndi Mizoram. Muziuwerenga kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa chala chili pa mapu, osati pa pepala la notsi. Nthawi ya dziko lonse amaitengera pa mzere wa 82°30' kum'mawa, n'chifukwa chake ali patsogolo pa ife ndi maola atatu ndi theka.

Pomwe ndikufuna muchedwepo kwambiri ndi pa mvula ya monsoon, chifukwa mukaimvetsa imeneyi theka la jogirafe ya India mwalitha, ulimi, nthaka, mizinda, ngakhale ndale zake. Ife tili ndi mwayi chifukwa ITCZ, lamba wa mitambo pomwe mphepo za kumpoto ndi kum'mwera zimakumana, timaidziwa kale, ndi yomwe imatibweretsera mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo. Ikachoka kwathu kuno imakwera kumpoto, India amatentha koopsa mu Epulo ndi Meyi, mpweya wa pamtunda umapepuka, nde mphepo yonyowa ya panyanja imathamangira komweko kuchokera kum'mwera chakumadzulo. Imafika ku Kerala cha pa 1 Juni n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo kuyambira Juni mpaka Seputembala imagwetsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mvula ya chaka chonse. Imagawika pawiri, nthambi ina kudzera ku Arabian Sea ina ku Bay of Bengal. Ya ku Arabian Sea imagunda Western Ghats n'kukhuthula madzi ku gombe, Mumbai kumasefukira, koma kuseri kwa mapiriwo mvula ndi yochepa. Ku Rajasthan kuli chipululu cha Thar, chifukwa china n'choti mapiri a Aravalli anagona motsatana ndi mphepoyo, saitchinga, imangodutsa. Nthambi ya ku Bay of Bengal imakapanikizika m'mapiri a Meghalaya, n'chifukwa chake Mawsynram ndi Cherrapunji ali m'gulu la malo a mvula yochuluka kwambiri padziko lonse. Ndiye pali Tamil Nadu amene mvula yake yambiri imabwera Okutobala mpaka Disembala monsoon ikubwerera, funso limeneli amalikonda kwambiri. Ku Punjab nako kumagwa kamvula ka nyengo yozizira kochokera cha ku Mediterranean, kamene kamathandiza tirigu.

Mukafika apa mbewu simulowezanso. Kharif ndi zodzala mvula ikayamba, mpunga, chimanga, thonje, nandolo. Rabi ndi za nyengo yozizira, tirigu, mpiru wa mafuta, tchana. Nandolo uja alimi athu a ku Mulanje ndi Zomba amagulitsa kwa mavenda, wambiri amathera ku India komwe amamutcha tur kapena arhar, ndipo mtengo wake kwathu kuno umayendera mmene iwowo akololera komanso malamulo awo a zolowa m'dziko, nde mukamawerenga za kharif dziwani kuti mukuwerenga za thumba la mlimi wakwathu. Nthaka yakuda ya ku Deccan, amati regur, inachokera ku miyala ya chiphalaphala ndipo imasunga chinyezi, thonje limakonda pamenepo, Maharashtra ndi Gujarat.

Mapu akakhazikika m'mutu ndiye tsegulani hisitole, ndipo chilichonse mwawerenga muzichiika pa mapu pompo. Chitukuko cha ku Indus chinafika pachimake cha m'ma 2600 mpaka 1900 Yesu asanabadwe, Harappa ndi Mohenjo-daro pano zili ku Pakistan, koma Lothal ndi Dholavira zili ku Gujarat, Kalibangan ku Rajasthan, Rakhigarhi ku Haryana. Malo aliwonse muwapatse chizindikiro chimodzi, Lothal doko, Kalibangan munda wolimidwa ndi pulawo, Dholavira madamu osungira madzi. A Maurya anayamba ndi Chandragupta cha m'ma 322 Yesu asanabadwe, likulu ku Pataliputra yomwe lero ndi Patna, m'mbali mwa Ganga momwe muli nthaka yachonde ndipo chitsulo sichili patali. Mdzukulu wake Ashoka atamenya nkhondo ya Kalinga, komwe lero ndi Odisha, anatembenukira ku chiphunzitso cha Buddha, ndipo mikango ya pa chipilala chake cha ku Sarnath ndi yomwe ili pa chidindo cha boma la India lero. A Gupta anayamba cha m'ma 320 Yesu atabadwa. Kum'mwera musawaiwale a Chola, ambiri amathera nthawi yonse kumpoto, pomwe kachisi wamkulu wa ku Thanjavur amene Rajaraja woyamba anamaliza mu 1010 amabwerabwera pa mafunso a zachikhalidwe.

Chitsanzo chomwe ndimakonda ndi Panipat. Nkhondo zitatu zikuluzikulu pamalo amodzi, 1526 Babur anagonjetsa Ibrahim Lodi n'kuyambitsa ufumu wa Mughal, 1556 asilikali a Akbar anagonjetsa Hemu, 1761 Ahmad Shah Abdali anagonjetsa a Maratha. Woloweza amasokoneza zaka zitatuzi. Koma yang'anani pa mapu, wochokera ku Afghanistan amatsika pa mpata wa Khyber, kudutsa Punjab, kumanzere kwake mapiri, kumanja chipululu, kutsogolo Delhi, nde chigwa cha Panipat ndi pomwe mwini Delhi amayenera kutuluka kukamuchingamira. Mwaona eti, funso la hisitole layankhidwa ndi jogirafe.

Hisitole ya nthawi ya azungu ndi imene imabweretsa mafunso ambiri, apa ndiye muikepo mphamvu. Vasco da Gama anafika ku Calicut mu 1498 atadutsa pa chilumba cha Mozambique ndi ku Malindi. Koma chingwe chenicheni chiyambireni pa nkhondo ya Plassey 1757, kenako ya Buxar 1764, ndipo mu 1765 kampani ya ku Britain ya East India inapatsidwa mphamvu yotolera msonkho ku Bengal, Bihar ndi Orissa. Kuyambira apo funso ndi limodzi, msonkho wa nthaka atolere bwanji komanso ndani aziyang'anira kampaniyo. Pa msonkho pali njira zitatu, Permanent Settlement ya Cornwallis mu 1793 yodzera mwa eni malo otchedwa zamindar, ryotwari yomwe boma linkatolera kwa mlimi mwachindunji ku Madras ndi Bombay, ndi mahalwari yotolera pa mudzi wonse kumpoto. Zitatuzi muzipake mitundu yosiyana pa mapu. Udindo wa Collector wa pa boma unayambika mu 1772 nthawi ya Warren Hastings, ndipo mpaka lero mkulu wa boma laling'ono ku India, yemwe kawirikawiri amakhala wa IAS, amatchedwa Collector kapena District Magistrate. Mukafuna kumumvetsa ganizirani bwana DC wakwathu, kungoti wa kumeneko anthu ake amatha kukhala mamiliyoni angapo.

Pa zoyang'anira kampani tsatani malamulo motsatana ngati masitepe: Regulating Act 1773, Pitt's India Act 1784, kenako lamulo la 1853 lomwe linatsegula ntchito za boma kuti anthu azilowa polemba mayeso, mayeso oyamba analembedwa ku London mu 1855, ndipo Satyendranath Tagore ndi mmwenye woyamba kukhoza mu 1863. Mayeso mukuwerengerawa mizu yake ili pamenepo. Kuukira kwa 1857 kunayambira ku Meerut pa 10 Meyi, ndipo chaka chotsatira ulamuliro unachoka kwa kampani kupita kwa mfumukazi ya ku Britain. Indian National Congress 1885 ku Bombay, kugawa Bengal 1905 pansi pa Curzon, Muslim League 1906 ku Dhaka, kusintha kwa Morley ndi Minto mu 1909 komwe kunabweretsa mavoti apadera a Asilamu, 1911 kugawa Bengal kuja kunathetsedwa ndipo analengeza kuti likulu lichoka ku Calcutta kupita ku Delhi. Gandhi anabwerera kwawo mu 1915 kuchokera ku South Africa, komwe njira yake yolimbana ndi boma popanda zida inayambira, ku Natal ndi Transvaal. Kumenyera kwake alimi a ku Champaran 1917, kuphedwa kwa anthu ku Jallianwala Bagh ku Amritsar pa 13 Epulo 1919, kukana kugwirizana ndi boma kuyambira 1920 komwe Gandhi anaimitsa mu 1922 polisi ya ku Chauri Chaura itawotchedwa, ulendo wa mchere wopita ku Dandi kuyambira 12 Malichi mpaka 6 Epulo 1930, ndawala youza azungu kuti achoke yotchedwa Quit India mu Ogasiti 1942, ufulu pa 15 Ogasiti 1947.

Pa chochitika chilichonse mu notsi zanu lembani mizere itatu yokha: chinayambitsa n'chiyani, ndani analipo ndipo kuti, chinabala chiyani. Mzere wachitatuwo ukhale woyamba wa chochitika chotsatira. Notsi zikakhala zazitali ngati buku lomwelo simudzaziwerenganso.

Malamulo oyendetsera dziko musawayambe ngati nkhani yatsopano, ndi kupitiriza kwa hisitole yomweyi. Gawo lalikulu la kapangidwe kake linachokera ku Government of India Act ya 1935, kugawana mphamvu pakati pa boma lalikulu ndi zigawo, udindo wa gavanala, mabungwe olemba ntchito za boma. B. R. Ambedkar ndi amene anatsogolera komiti yolemba, Rajendra Prasad anali wapampando wa msonkhano wonse, anawavomereza pa 26 Novembala 1949 n'kuyamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950. Bwanji anadikira miyezi iwiri? Chifukwa pa 26 Januwale 1930 ndi pomwe Congress inakumbukira koyamba tsiku lofuna ufulu wathunthu kutsatira msonkhano wa ku Lahore wa 1929. Poyamba munali ndime 395 ndi ma schedule 8, omwe ndi mindandanda ya kumapeto kwa malamulowo, pano ma schedule ndi 12. Musayese kuloweza ndime zonse, gwirani zipilala. Ndime 12 mpaka 35 ndi ufulu wachibadwidwe, ndipo 32 ndi yomwe imakulola kupita ku Supreme Court mwachindunji ufulu wako ukaphwanyidwa. 36 mpaka 51 ndi mfundo zotsogolera boma zomwe sungasumire nazo kukhoti. 51A ndi udindo wa nzika, inalowa mu 1976 pa kusintha konsitichushoni kwa nambala 42, mkati mwa Emergency, ulamuliro wa nthawi ya ngozi, ya nduna yaikulu Indira Gandhi ya 1975 mpaka 1977. 352, 356 ndi 360 ndi za nthawi ya ngozi, ya dziko lonse, ya chigawo chimodzi, ndi ya zachuma. 312 ndi ya maudindo ogwira dziko lonse monga IAS ndi IPS, 315 ndi ya UPSC yeniyeniyo. Mlandu wa Kesavananda Bharati wa 1973 muudziwe bwinobwino, khoti linagamula kuti nyumba ya malamulo itha kusintha konsitichushoni koma singagwetse maziko ake. Nyumba ya malamulo ili pawiri, Lok Sabha ili ndi aphungu 543 osankhidwa ndi anthu, Rajya Sabha 245 ndipo 12 mwa iwo amasankhidwa ndi pulezidenti. Kusintha kwa nambala 73 ndi 74 kwa 1992 kunalimbitsa maboma a m'midzi otchedwa panchayat ndi makhonsolo a m'tauni.

Bwererani ku mapu kachiwiri, pano mujambule malire a zigawo. Andhra inapangidwa mu 1953 chifukwa cha olankhula Telugu, lamulo la 1956 linakonzanso zigawo motsata zilankhulo, Telangana inabadwa mu 2014, lero pali zigawo 28 ndi madera 8 olamulidwa ndi boma lalikulu. Mkangano wa madzi a Kaveri pakati pa Karnataka ndi Tamil Nadu mukauwerenga mupeza monsoon, mtsinje, malire a zigawo ndi khoti zonse mu nkhani imodzi, mafunso a Mains amakhala otere.

Za mabuku sindichulukitsa. Mabuku a sukulu a NCERT, kalasi 6 mpaka 12, ali pa intaneti ulere ndipo ndi maziko okwanira poyambira. Pa sabujekiti iliyonse onjezerani buku limodzi lokha lalikulu n'kuliwerenga kanayi kasanu, osati mabuku asanu kamodzi kamodzi. Ku Delhi kuli madera monga Old Rajinder Nagar ndi Mukherjee Nagar odzaza ndi masukulu a kochingi, ndalama zake ndi zambiri ndipo makolo ena amalowa nazo ngongole, koma silabasi ndi ma past paper zili pa webusaiti ya UPSC kwaulere. Silabasi muisindikize muimate pakhoma. Ma past paper a zaka 10 muwaone sabata yoyamba yomwe musanadziwe kanthu, cholinga si kukhoza ayi, n'kuona mmene amafunsira, chifukwa safunsa kuti Plassey inali liti, amakupatsa ziganizo zitatu n'kufunsa kuti zoona ndi zingati. Nyuzi imodzi tsiku lililonse, The Hindu kapena Indian Express, ola limodzi lokha, ndipo malo aliwonse atchulidwa mu nyuzi muwapeze pa mapu.

Pa Prelims yankho lolakwika amakudula gawo limodzi mwa magawo atatu a malikisi a funsolo. Pa pepala loyamba funso ndi malikisi 2, ukalakwa amachotsa 0.66. Tawerengerani nokha, mukangolota pa mayankho anayi onse mafunso anayi, limodzi mwakhoza mwapeza 2, atatu mwalakwa mwataya 2, palibe mwapindula. Koma mukachotsa awiri omwe mukudziwa kuti ndi abodza n'kutsala ndi awiri, kulota kumakupindulirani, nde pamenepo musasiye funso. Luso lochotsa mayankho abodzali limabwera ndi mapu aja, wina akakuuzani kuti Narmada imathira mu Bay of Bengal mumadziwa pompo kuti chiganizocho chagwa, ndipo mayankho onse odalira icho agwa nacho.

Mains ndi nkhani ya dzanja ndi wotchi. Mapepala atatu oyamba a General Studies amakhala ndi mafunso 20 mu maola atatu, 10 a mawu 150 ndi 10 a mawu 250, kutanthauza mphindi pafupifupi 7 pa lalifupi ndi 11 pa lalitali. Munthu amene wakhala chaka chonse akungowerenga osalemba amafika funso la 15 nthawi yatha dzanja lauma. Nde kuyambira mwezi wachitatu muzilemba yankho limodzi kapena awiri tsiku lililonse ndi bolopeni pa pepala, wotchi ili pambali, kenako mupatse mnzanu awerenge akuuzeni ngati mwayankha chomwe afunsa, chifukwa funso likati fotokozani ndi likati unikani mbali zonse si chinthu chimodzi. Ndipo yesererani kujambula kamapu ka India mu masekondi 30, kakang'ono pakona pa yankho, n'kuikapo mivi ya monsoon kapena madera a ryotwari, kamakupulumutsirani mawu 40 ndipo wochonga amaona msanga kuti nkhaniyo mukuidziwa. Lamlungu musawerenge zatsopano, tengani mapu opanda mayina amodzi mudzaze zonse za sabata imeneyo osayang'ana buku, pomwe chala chakayika ndi pomwe muyambire Lolemba.